Pakhonde la Mkulu wa Mpingo: Kupunthwa ndi Kupatuka

Mwezi uno tikufuna kucheza nanu za nkhani imene idativuta pa mpingo wathu kuno ku Area 36 mu mzinda wa Lilongwe. Tikhulupirira kuti nkhani yomweyi yafikanso m'makomo mwanu, kaya muli ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo kapena kumudzi.

Tsiku lina Lamulungu mai wina wachikulire, amene waphunzitsa Sukulu Sande kwa zaka zambiri, ankafotokozera ana za Utatu Woyera pansi pa mtengo kuseri kwa kachisi. Pofuna kuti anawo amvetse, adatola miyala itatu naiika monga mafuwa, nati: "Taonani ana anga, mafuwa ndi atatu koma mphika ndi umodzi. Mulungu wathunso ali chomwecho." Chapafupi padali mnyamata wina wa m'gulu la achinyamata, wokonda kuwerenga ndi kumvera alaliki akunja pa foni yake. Iyeyu adaimirira pamaso pa ana onse nati: "Amai, zimene mukuphunzitsazi ndi mpatuko. Mpingo udazikana kalekale." Maiwo sadayankhe kanthu. Adamaliza phunziro nabwerera kwao, ndipo Lamulungu lotsatira sadaoneke. Anzao a Chigwirizano atawayendera, iwo adangoti: "Ngati ndine wampatuko, ndisasocheretsenso ana a eni."

Mwezi womwewo banja lina la ku Phwetekere lidadza kwa ife ndi chisoni chachikulu. Mwana wao wamkazi adakabatizidwanso kumtsinje ndi gulu lina limene lidamuuza kuti ubatizo wa m'dzina la Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ngwachabe, ndipo kuti woona ndi wa m'dzina la Yesu lokha. Adamuuzanso kuti liu lakuti Utatu mulibe m'Baibulo, ndipo kuti okhulupirira Utatu amapembedza milungu itatu. Mtsikanayo adafunsa makolo ake ngati izi nzoona, koma makolowo adasowa poyambira.

Taonani tsono zinthu ziwirizi. Mai wokhulupirika adatchedwa wampatuko chifukwa cha miyala itatu, pamene mwana wathu wobatizidwa adachokadi mu mpingo popanda womuyankha. Nchifukwa chake tiyenera kudziwa bwino chimene timavomereza, ndiponso chimene liu loopsali lakuti mpatuko litanthauza.

Tiyambe ndi kuvomera choona. Liu lakuti Utatu mulibemodi m'Buku Lopatulika, ndipo Mkhristu asachite manyazi kunena choncho. Chimene chilimo ndi chinthu chimene liulo likuloza. Deuteronomo 6:4 atiphunzitsa kuti Mulungu ndi mmodzi. Pa Mateyu 3:16-17 tiona Mwana akutuluka m'madzi, Mzimu akutsika pa Iye, ndipo Atate akulankhula kuchokera kumwamba, onse atatu pa nthawi imodzi. Pa Yohane 20:28 Tomasi atchula Yesu wouka kwa akufa kuti ndi Mulungu wake, ndipo Yesu samudzudzula. Pa Machitidwe 5:3-4 Petro aonetsa kuti kunamiza Mzimu Woyera ndiko kunamiza Mulungu. Akhristu oyamba adafuna liu limodzi lomangira pamodzi zonsezi, monga mai amangira nkhuni zake ndi luzi kuti zisamwazike panjira. Luzilo si nkhuni ai, koma popanda ilo mtolo sufika kunyumba.

Achinyamata ena amauzidwa kuti chiphunzitsochi chidabwera ndi Azungu. Adziwe kuti ntchito yaikulu yochifotokoza idachitika mu Africa momwe muno. Amene adayamba kulemba liu la Utatu m'Chilatini ndi Tertullian wa ku Carthage, m'dziko limene lero ndi Tunisia, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 200. Mkangano waukulu udabuka ku Alexandria m'dziko la Egypt cha m'ma 318, pamene mbusa wina dzina lake Arius adayamba kuphunzitsa kuti Mwana ndi wolengedwa, woyamba ndi wamkulu pa zolengedwa zonse, koma kuti idalipo nthawi imene Iye kudalibe. Arius adali munthu wophunzira ndi wodziwa kulankhula, ndipo adaika maganizo ake m'nyimbo zosavuta kuimba, kotero kuti adafalikira msanga pakati pa anthu wamba.

M'chaka cha 325 mfumu Constantine adaitanitsa mabishopu oposa 200 ku Nicaea, mzinda umene lero ukutchedwa Iznik m'dziko la Turkey. Kumeneko adagwirizana pa liu la Chigriki lakuti homoousios, kutanthauza kuti chimene Atate ali, Mwananso ali chomwecho, ndipo kuti Mwana ndi wobadwa, si wolengedwa. Liu limenelinso mulibe m'Baibulo. Adalisankha chifukwa otsata Arius ankavomera vesi lililonse limene adawawerengera, koma namalipatsa tanthauzo lao. Athanasius, amene adali dikoni pa msonkhanowo nakhala bishopu wa Alexandria mu 328, adapitikitsidwa pa mpando wake kasanu chifukwa chosalola kusiya liuli. Msonkhano wina wa ku Constantinople mu 381 udaonjeza mau omveka onena za Umulungu wa Mzimu Woyera. M'chaka cha 2025 zidakwana zaka 1700 chichitikireni msonkhano wa ku Nicaea, ndipo mipingo ya m'maiko ambiri idakumbukira chakachi.

Kodi anthu amenewa adavutikiranji chotere chifukwa cha liu limodzi? Yankho la Athanasius lidali la chipulumutso. Ngati Yesu ndi wolengedwa, ndiye kuti amene adafa pa mtanda ndi mthenga chabe, ndipo Mulungu mwini adatsala kutali. Wolengedwa sangathe kuyanjanitsa zolengedwa zinzake ndi Mlengi. Ndiponso ngati Yesu ndi wolengedwa, ife amene timapemphera kwa Iye ndi kumuimbira nyimbo tikupembedza cholengedwa. Nkhaniyi tsono si ya anthu a m'makoleji okha. Ikhudza gogo amene akufa akutchula dzina la Yesu, pakuti ayenera kudziwa ngati amene akumuitanayo ali ndi mphamvu ya kumulandira.

Tsopano tibwere ku chinenero chathu, pakuti ife aphunzitsi timaona tsiku ndi tsiku m'mene mau amapunthwitsira ana. Makolo a mpingo wakale adanena kuti Mulungu ndi mmodzi mu Umulungu wake, koma Atate, Mwana ndi Mzimu ndi atatu osiyana, ndipo m'Chilatini aliyense wa iwo adamutcha persona. Ife tikamasulira kuti "anthu atatu", mwana wa Sitandade 4 amaona amuna atatu atakhala pa benchi. Tikanena kuti "Mulungu mmodzi mwa atatu", mwana yemweyo akhoza kumva monga timanenera kuti mmodzi mwa ana atatu wadwala, ndiye kuti awiri enawo sali m'gulumo. Palinso liu lakuti mzimu. Malamulo a Chichewa amatikokera kunena kuti "mzimu udabwera", koma pa guwa timamva kawirikawiri kuti "Mzimu Woyera adabwera", pofuna kuonetsa kuti Iye si mphepo kapena mphamvu chabe, koma amaphunzitsa, amatsogolera, ndipo monga anenera Aefeso 4:30, akhoza kumvetsedwa chisoni. Komabe chinenero chathu chili ndi mwai wake. Tikati "Atatu" osati "zitatu", tanena kale kuti si zinthu kapena zigawo, ndipo tikati "Mmodzi" tanena kale kuti si milungu yambiri.

Mavuto otere si a Chichewa chokha. Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, adalemba buku lalikulu lonena za Utatu, koma adavomera m'buku lomwelo kuti mau a anthu ndi operewera, ndipo kuti timawagwiritsa ntchito chifukwa kukhala chete kukadaipa koposa.

Nanga mafanizo? Pano tiyenera kuulula kulakwa kwathu. Kwa zaka zambiri ife tomwe tidaphunzitsa a m'kalasi la ubatizo motere: munthu mmodzi yemweyu kunyumba ndi bambo, kusukulu ndi mphunzitsi, kukachisi ndi mkulu wa mpingo, chomwechonso Mulungu. Ana ankagwedeza mitu, ifenso tinkakondwa kuti tafotokoza bwino. Pambuyo pake tidazindikira kuti fanizoli likufanana ndi chiphunzitso cha Sabellius, amene mpingo wa ku Rome udamukana cha m'ma 220, chakuti Atate, Mwana ndi Mzimu ndi maina atatu chabe a mmodzi yemweyo wosintha zovala. Zikadakhala choncho, kodi m'munda wa Getsemane Yesu ankapemphera kwa yani? Ndipo taonani, chiphunzitso chomwechi ndicho chimene mtsikana wa ku Phwetekere uja adachimva kumtsinje. Mwina fanizo lathu lomwe lidamulambulira njira.

Fanizo la madzi amene nthawi zina auma ngati mwala, nthawi zina asanduka nthunzi, lili ndi vuto lomweli. Fanizo la mafuwa lili ndi vuto lina: fuwa limodzi ndi gawo chabe, palokha silisenza mphika, pamene Mwana si gawo la Mulungu koma Mulungu wathunthu, chimodzimodzi Atate ndi Mzimu. Mnyamata uja tsono sadaname ponena kuti fanizolo nlopunduka. Chimene adalakwa ndi dzina limene adapatsa maiwo.

Liu lakuti mpatuko lichokera ku kupatuka, ndiko kusiya njira imene anzako akuyenda ndi kutsata ina. Likusiyana kutali ndi kupunthwa. Wopunthwa akali panjira. Chala chikamuwawa amadzuka napitirira ndi anzake. Tikawerenga Malembo ndi mbiri ya mpingo, tipeza zizindikiro zitatu zimene ziyenera kukhalapo zonse tisanatchule chinthu kuti mpatuko.

Choyamba, nkhaniyo ikhale yokhudza muzu wa chikhulupiriro: Mulungu ndi yani, Khristu ndi yani, ndipo tipulumuka bwanji. Kusiyana pa za kubatiza momiza kapena mowaza, kuimba ndi ng'oma, kapena kayendetsedwe ka mpingo ndi nkhani zofunika, koma si mpatuko. Akatolika, Aangilikani ndi a Baptist timasiyana nao pa zambiri, koma pa Utatu Woyera timavomereza chimodzi.

Chachiwiri, ikhale nkhani imene Eklesia adaiweruza kale pounika Malembo, monga zidachitikira ku Nicaea, osati maganizo a mlaliki mmodzi wa pa wailesi kapena pa intaneti.

Chachitatu, munthuyo akhale kuti waphunzitsidwa, wachenjezedwa, koma waumirira, nayambanso kukokera ena kwa iye. Tito 3:10 alamula kuti munthu wotere achenjezedwe kamodzi ndi kawiri asanakanidwe. Kumbukiraninso Apolo pa Machitidwe 18:24-26. Adali mlaliki wamphamvu wochokera ku Alexandria komweko, koma chiphunzitso chake chidali choperewera. Priskila ndi Akula sadamudule mau m'sunagoge pamaso pa anthu. Adamutengera pambali namufotokozera bwino, ndipo mpingo udapindula ndi mlaliki wamkulu.

Mwa zizindikiro zitatuzi, mai wa Sukulu Sande uja adalibe chachitatu ngakhale pang'ono. Sabata ndi sabata amanena Chikhulupiriro cha Atumwi ndi mtima wonse, ndipo akadauzidwa mwaulemu akadasiya miyala ija tsiku lomwelo. Tikumbukirenso kuti mu mpingo wa Chipresbiterio kuweruza chiphunzitso si ntchito ya munthu mmodzi. Nkhani imayamba kwa abusa ndi akulu a mpingo, ikakula ipita ku Presbiterio, kenaka ku Sinodi. Dongosololi lidaikidwa kuti munthu asaweruzidwe ndi mkwiyo wa mnzake.

Koma tisapitirire malire nkumati mpatuko kulibe. Ulipo, ndipo m'dziko lathu mkangano wa Utatu si wa lero. M'chaka cha 1908 Elliot Kamwana, Mtonga amene adaphunzirapo ku Livingstonia, adabwerera kwao kuchokera ku South Africa kumene adakumana ndi Joseph Booth, atatenga chiphunzitso cha Watch Tower cha Charles Taze Russell. Pa miyezi yowerengeka adabatiza anthu oposa 9,000 m'dera la Nkhata Bay, kufikira boma la atsamunda lidamuchotsa m'dziko mu 1909. Pambuyo pake Kamwana adayenda njira yakeyake, koma gulu la Russell, limene kuyambira mu 1931 lidziwika kuti Mboni za Yehova, lidakhazikika m'Malawi. Iwo eni amanena poyera kuti sakhulupirira Utatu: amaphunzitsa kuti Yesu ndi woyamba kulengedwa, ndipo kuti mzimu woyera ndi mphamvu ya Mulungu chabe. Tikanena kuti chiphunzitsochi chili kunja kwa chivomerezo cha ku Nicaea, chimene mpingo wa CCAP udalandira pamodzi ndi Chikhulupiriro cha Atumwi, sitikuwanamizira. Chimodzimodzi aja obatiza m'dzina la Yesu lokha. Iwo amatsamira pa Machitidwe 2:38 naiwala Mateyu 28:19, ndipo amakana kuti Atate ndi Mwana ndi awiri okondana ndi olankhulana.

Pamenepa mpamene tiyenera kuyenda mosamala kwambiri, pakuti mbiri yathu ili ndi mabala. Mu Okutobala 1967 boma la Malawi lidaletsa Mboni za Yehova. Chifukwa chake sichidali Utatu ai, koma kukana kwao kugula makadi a chipani. Mu 1972 chizunzo chidakula: anthu adachotsedwa ntchito, nyumba zidatenthedwa, ambiri adamenyedwa ndipo ena adaphedwa. Zikwizikwi adathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, ena ku Mozambique. Mu 1975 ambiri adatsekeredwa m'ndende, kuphatikizapo ya Dzaleka ku Dowa, pafupi pomwepa. Chiletsochi chidachotsedwa pa 12 Ogasiti 1993. Ife tidali ana pamene izi zinkayamba, koma tidakula tikumva mau akuti "ndi ampatuko aja", onenedwa ngati kuti akuchepetsa mlandu. Funso limene tiyenera kudzifunsa ndi ili: kodi liu limeneli silidathandize kutseka pakamwa Akhristu ambiri pamene anansi ao ankalira?

Makolo athu m'chikhulupiriro adagwanso pomwepa. Pa 27 Okutobala 1553 Michael Servetus, dotolo wa ku Spain amene ankakana Utatu, adatenthedwa pa moto ku Geneva, ndipo John Calvin adavomereza kuti aphedwe, ngakhale adapempha kuti kusakhale kwa moto. Mu 1903 otsata Calvin adaimika mwala pa malowo wovomera kuti kumeneko kudali kulakwa. Ku Edinburgh m'dziko la Scotland, kumene kudachokera amishoni a ku Blantyre ndi Livingstonia, wophunzira wa zaka 20 dzina lake Thomas Aikenhead adanyongedwa pa 8 Januwale 1697 pa mlandu wonyoza chikhulupiriro, kuphatikizapo Utatu, ndipo Msonkhano Waukulu wa mpingo sudamupemphere chifundo. Anthu amenewa adadziwa bwino mau onena za Mulungu amene ali chikondi kuyambira kale lomwe pakati pa Atate ndi Mwana ndi Mzimu, koma pa tsiku limenelo ntchito zao zidakana chimene milomo yao inkavomereza.

Tsono makolo, ntchito yoyamba ndi yanu. Mwana akafunsa za Utatu musamukalipire kuti akufunsa zachikulu, pakuti mukapanda kumuyankha inu adzamuyankha ena pa chipata Loweruka m'mawa. Simusowa Chigriki. Muuzeni zinthu zitatu zokha: Mulungu ndi mmodzi, Atate ndi Mulungu, Mwana ndi Mulungu, Mzimu Woyera ndi Mulungu, ndipo Atate si Mwana, Mwana si Mzimu, Mzimu si Atate. Werengani naye nkhani ya ubatizo wa Yesu, ndipo mumuonetse mdalitso wa pa 2 Akorinto 13 umene abusa amatsekera nao mapemphero. Akafunsa kuti zitheka bwanji, musaope kumuuza kuti Mulungu alibe womufanizira, ndipo kuti fanizo lililonse limathera panjira. Buku la Katekisma lisangokhala la nthawi ya mayeso a ubatizo. Litsikeko pa shelefu madzulo.

Inu achinyamata, tikuyamika changu chanu, ndipo ife akulu tavomera kuti nthawi zina mumadziwa zimene ife tidazilumpha. Werengani ndithu. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Mukamva mau okayikitsa, yambani mwafunsa mwini wake chimene akutanthauza. Mukapeza kuti walakwadi, mtengereni pambali monga adachitira Priskila ndi Akula, kapena kauzeni abusa. Ndipo a Mboni kapena ena akafika pakhomo panu, apatseni mpando, ayankheni kuchokera m'Malembo mosabisa kanthu, koma musawanyoze. Mawa mwana wao akadwala usiku, mudzakhala inu woyamba kuthamangira galimoto.

Za mai aja, patapita milungu iwiri tidapita kunyumba kwao pamodzi ndi mnyamata uja. Iye adakhala pansi nati: "Amai, ndidalakwa polankhula nanu chotero pamaso pa ana. Mundikhululukire." Maiwo adakhala chete kanthawi, kenaka adati: "Mwana wanga, ndakukhululukira. Koma popeza wandilanda mafuwa anga, Lamulungu likudzali ubwere udzandithandize, tione chimene iwe udzawauze anawo." Mnyamatayo adabweradi, ndipo adatuluka m'kalasimo ali thukuta, atazindikira kuti kutsutsa fanizo nkosavuta kusiyana ndi kuphunzitsa ana makumi anai. Mpaka lero akuphunzitsa limodzi.

Mtsikana wa ku Phwetekere sadabwererebe. Abusa ndi amai a Chigwirizano akumuyendera, ndipo makolo ake tawapempha kuti asamupitikitse pakhomo, koma azidya naye ndi kuwerenga naye. Tikupemphani owerenga nonse kuti mumukumbukire m'mapemphero anu, pamodzi ndi ana ena onse otere amene ali m'mipingo yanu. Chisomo cha Ambuye chikhale ndi mabanja anu kufikira tidzachezenso mwezi wamawa.